Kuthamanga m'nyengo yozizira ku Ntcheu: mafunso ndi mayankho

M'mawa wa mu Juni pa boma la Ntcheu mumapeza anthu atavala majuzi awiriawiri, manja ali m'thumba, ena atazungulira kamoto ka makatoni podikira minibasi. Mwa apo ndi apo pamadutsa wina wovala kabudula, akuthamanga m'mbali mwa msewu, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi wa fodya. Owotha moto aja amamutsatira ndi maso n'kupukusa mitu: "Koma ameneyu akudzifunira chibayo." Komabe pakati pawo pamakhala mmodzi kapena awiri amene mumtima akusirira. Mayankho awa ndi a iwowo.

Kodi si bwino kudikira kuti kunja kuyambe kutentha?

Ayi. Kwa munthu woyamba kumene, palibe nyengo yabwino yoposa ya Meyi mpaka Ogasiti. Thupi likamathamanga limapanga kutentha kwambiri, ndipo kunja kukakhalanso kotentha mtima umagwira ntchito ziwiri: kupopera magazi kuminofu ndi kuwatumizanso kukhungu kuti thupi lizizire. Kukazizira ntchito yachiwiriyi imachepa, n'chifukwa chake mtunda womwe ungakufooleni mu Okutobala mumaumaliza mu Julayi mukadali ndi mphamvu. Onjezerani apo kuti mvula yatha, njira zauma, matope palibe, ndipo ambiri amaliza kukolola. Amene amakonza mipikisano amazidziwa izi. Mpikisano wa Porters Race wokwera ndi kutsika phiri la Mulanje umachitika mu Julayi, ndipo Comrades Marathon ya ku South Africa, yapakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, imachitika cha mu Juni, nthawi yachisanu kumeneko.

Tisaiwale kuti Ntcheu si imodzi. Kuzizira kwa ku Lizulu, Mlangeni, Biriwiri ndi Tsangano, kumtunda m'malire ndi Mozambique, n'kosiyana kutalitali ndi kwa kuchigwa cha Bwanje, ku Sharpevale kapena ku Kasinje. Wa ku Tsangano angafunike chipewa ndi magolovesi, pamene wa ku Bwanje miyezi yomweyi ndiyo mpata wake wokhawo wothamanga dzuwa litatuluka osapsa nalo.

Nanga mphepo yozizira siyambitsa chimfine ndi chibayo?

Chimfine chimayamba ndi mavairasi, chibayo chimayamba ndi tizilombo tolowa m'mapapo. Mphepo payokha ilibe matenda amenewa. Chimfine chimachuluka m'miyezi yozizira makamaka chifukwa timaunjikana m'nyumba, m'kalasi ndi m'minibasi titatseka mawindo onse, wina akuyetsemula. Munthu amene ali yekha panjira ya kudambo ali kutali ndi chimfine kuposa amene wapanikizana ndi anzake anayi pampando wakumbuyo.

Pali zoona pang'ono m'mantha amenewa. Mpweya wozizira ndi wouma umakanda pakhosi, ndipo kwa amene ali ndi mphumu ungathe kutsekereza chifuwa. Oterewa ayambe pang'onopang'ono kwambiri, aphimbe pakamwa ndi kansalu kopepuka mphindi zoyambirira, ndipo mankhwala awo opopera asawasiye kunyumba. Chinanso, mukamaliza musaime pamphepo ndi malaya onyowa ndi thukuta n'kumacheza. Lowani m'nyumba, sinthani.

Ine ndimalima, ndimatunga madzi, ndimayenda wapansi tsiku lililonse. Ndikufunikanso kuthamanga?

Mwina ayi, ndipo wina asakunamizeni. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kugwiritsa ntchito thupi mwapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena mwamphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150. Mayi amene amathirira kabichi kudimba ndi keni, n'kusenza dengu la tomato kupita nalo kumsika wa Lizulu, mphindi zimenezi amazikwanitsa Lachitatu lisanafike. Mnyamata wopalasa kabaza wanjinga yakapalasa chimodzimodzi.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri ena aja amene ntchito inawakhazika pansi: akalaliki a m'maofesi, aphunzitsi, ogulitsa m'golosale, oyendetsa minibasi ndi njinga zamoto. Kabaza wanjinga yamoto ndiye wasintha zinthu kwambiri. Mtunda womwe tinkayenda osauganizira n'komwe, lero timakwera. Thupi linazolowera khasu ndi ulendo, koma tsopano likungolandira nsima yofanana ndi yakale ntchito itachepa.

Chichokereni kusukulu sindinathamangepo. Ndiyambe bwanji?

Yambani ndi kuyenda. Sabata yoyamba, kapena ziwiri ngati thupi ndi lolemera, yendani ndawala mphindi 30, katatu kapena kanayi pa sabata. Kenako yambani kusakaniza: thamangani mphindi imodzi, yendani mphindi ziwiri, mubwereze kasanu ndi katatu. Sabata iliyonse muziwonjezera pang'ono mbali yothamanga n'kumachepetsa yoyenda. Ngati mulibe wotchi, gwiritsani ntchito mapolo a magetsi kapena mitengo ya m'mbali mwa njira: kuthamanga mapolo awiri, kuyenda mapolo awiri. Ndondomeko yotchuka ya Couch to 5K, imene a zaumoyo ku Britain amalimbikitsa, ndi yotere basi: katatu pa sabata, ndipo pakutha pa masabata 9 munthu amatha kuthamanga mphindi 30 osaima. Woyamba kumayambiriro kwa Juni ndiye kuti pofika mu Ogasiti wafikapo.

Tsiku lopuma pakati musalidumphe. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mitsempha ya m'maondo, akakolo ndi mafupa a m'miyendo zimatenga miyezi. Ambiri amavulala sabata yachitatu, pamene chifuwa chayamba kuwauza kuti angathe, miyendo isanavomereze.

Ndizithamanga liwiro lotani?

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Timakumbukira mipikisano ya kupulayimale, pamene aphunzitsi ankaimba wezulo tonse n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Munthu wa zaka 40 akatuluka pakhomo ndi maganizo amenewo, pofika pamphambano amakhala atagwira maondo, malovu akuwawa, ndipo mawa lake sabwereranso. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Muyeso wake ndi kulankhula. Ngati mungathe kupereka moni, kufunsa za kunyumba ndi kuyankha chiganizo chathunthu mukuthamanga, liwiro lili bwino. Ngati mawu akutuluka limodzilimodzi, chepetsani. Mudzaona ngati mukuchita manyazi, mwina mwana wasukulu wochedwa akupitirirani atabereka chikwama. Musiyeni apite. Ngakhale akatswiri a ku Kenya ndi Ethiopia, masiku ambiri a sabata amathamanga modekha, liwiro lenileni amalisungira masiku ochepa.

Ndipo musayambe ndi kudzikoka miyendo thupi lili lozizira, monga timaonera anyamata a mpira akuchitira. Yendani kaye mphindi zisanu kapena khumi, gwedezani mikono, kwezani maondo. Kukoka minofu kuchitike pomaliza, thupi litafunda.

Ndivale chiyani? Ena amavala jekete lalikulu kapena pulasitiki mkati kuti atuluke thukuta lambiri.

Pulasitikiyo ivuleni. Thukuta ndi madzi ndi mchere, si mafuta osungunuka. Mukadzipima pa sikelo mutatha kuthamanga chotero mudzaona ngati mwatsika, koma mukangomwa makapu awiri a madzi zonse zabwerera. Chomwe mwapindula ndi mutu wopweteka, chizungulire ndi kuvutitsa impso.

Valani zopepuka ziwiri zosanjikiza m'malo mwa chimodzi chokhuthala: tisheti mkati, kajuzi kopyapyala kapena thirakisuti pamwamba, koti mungathe kuvula n'kumangira m'chiuno. Potuluka pakhomo muzimva kuzizira pang'ono. Mukatuluka mukumva kufunda bwino, dziwani kuti pakatha mphindi khumi mukhala mukuwira. Chimene chimavuta kumtunda kuja ndi zala ndi makutu. Chipewa chaubweya chimathandiza, ndipo ngati magolovesi palibe, masokosi akale kumanja amagwira ntchito yomweyo. Oseka aseke.

Nsapato zothamangira ndi zodula. Popanda zimenezo sizingatheke?

Zingatheke. Pa kaunjika wa tsiku la msika nsapato zabwino zimapezeka, bola kudziwa poyang'ana. Osatengeka ndi dzina lolembedwa m'mbali kapena kuwala kwa pamwamba, poti ogulitsa amadziwa kuchapa. Itembenuzeni muone kupansi: ngati chidendene chinadyeka mbali imodzi, isiyeni. Ikanikizeni ndi chala mkati; ikakhala youma gwa ngati thabwa, inatha kale ntchito. Yesani zonse ziwiri mutavala masokosi, makamaka masana pamene phazi lafufuma pang'ono, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wokwana chala chamanthu. Nsapato yothina ndiyo imadetsa zikhadabo.

Jombo za mpira si zothamangira pa tala, ndipo patapata ndi wongopitira kubafa. Nanga osavala nsapato? Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathoni ya Olimpiki ku Rome mu 1960 ali chosavala, ndipo ana athu ambiri amathamanga chomwecho pabwalo la sukulu. Ngati mapazi anu anazolowera, pabwalo laudzu palibe vuto. Koma phazi lomwe lakhala mu nsapato zaka 20, pamsewu wa miyala, minga ndi magalasi osweka, musaliyese. Odwala shuga asayerekeze n'komwe.

Nthawi yabwino ndi iti, ndipo ndidutse njira iti?

Mu Juni ndi Julayi dzuwa kuno limatuluka cha m'ma 6 koloko ndipo limalowa isanakwane hafu pasiti 5. Wogwira ntchito ya 7:30 amakakamizika kutuluka kukadali kamdima, ndipo woweruka 5 koloko amapeza kuwala kwatsala pang'ono. Thupi lilibe nazo kanthu kuti ndi m'mawa kapena madzulo. Sankhani nthawi imene simungamaiphonye. Kwa amene kuzizira kwa m'mawa kumawavuta pachifuwa, madzulo ndi bwino.

Za njira ndiye ndilankhulepo motsindika. Msewu wa M1 ndi wosalala, n'chifukwa chake umakopa, koma ndi msewu wa mathiraki, mabasi a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndi njinga zamoto zina zopanda nyali. Kumtunda kukagwa nkhungu woyendetsa amakuonani atafika kale. Ngati palibe kuchitira mwina, thamangani kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto akubwera, muvale zowala, ndipo m'makutu musatsekemo ndi nyimbo. Koma njira zafumbi zolowera kumidzi ndi bwalo la mpira la sukulu yapafupi ndi zabwino koposa, ngakhalenso kumaondo.

Kumudzi nako kuli zake. Munthu wothamanga mumdima pakati pa nyumba za eni, anthu samuganizira zabwino, ndipo mfuu ya "Wakuba!" siyembekezera kufotokoza. Dutsani njira zimene amakudziwani, perekani moni mokweza, ndipo ngati n'kotheka mukhale awiri kapena atatu. Galu akakulondolani musapikisane naye. Imani, mutembenukireni, muchoke pang'onopang'ono. Akakulumani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Pofika mu Ogasiti, anyamata akayamba kutentha tchire posaka mbewa, pewani mbali imene kukupita utsi.

Kuno n'kwa zitunda. Kodi zimathandiza kapena zimangopha munthu?

Zimathandiza kwambiri, mukazipatsa ulemu. Chitunda chimalimbitsa ntchafu, matako ndi akatumba popanda kulipira ku jimu. Woyamba kumene aziyenda pokwera, si kulephera ayi. Mukazolowera, fupikitsani mapazi, maso kutsogolo, mikono igwire ntchito. Chodabwitsa n'chakuti kutsika ndiko kumapweteka miyendo kuposa kukwera, choncho musadzitaye pamtsetse.

Ena amafunsa ngati kukhala kumtunda ngati ku Tsangano kungamusandutse munthu Mkenya. Tawuni ya Iten ku Kenya, kumene akatswiri ambiri amakonzekera, ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo thupi limapanga magazi ambiri onyamula mpweyawo. Midzi yathu yambiri siifika pamenepo. Chomwe tingatengere kwa anzathuwo ndi khalidwe lawo: kudzuka tsiku ndi tsiku, kuthamanga pagulu, panjira zafumbi.

Ndidye chiyani, ndipo madzi ndi ofunika ngakhale kukuzizira?

Pa mphindi 30 za m'mawa simufunika chakudya chapadera. Ena amatuluka osadya kanthu, ena amadya nthochi imodzi kapena kachidutswa ka mbatata yotsala dzulo. Mukadya nsima, dikirani maola awiri kapena atatu, apo ayi mudzamva kubaya m'nthiti. Mukabwerako, phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata kapena kachewere wophika, dzira, thobwa, zonsezi n'zokwana. M'nyengo yozizira ku Ntcheu sikusowa chakudya cha wothamanga: nyemba zatsopano, mtedza, kabichi, kachewere wa ku Tsangano. Zakumwa za m'zitini zoti n'zopatsa mphamvu ndi shuga ndi kafeini chabe, ndalama zanu sungani.

Madzi ndi ofunika ndithu. Kukazizira ludzu silimveka, koma thukuta likutuluka ndipo nthunzi ija mukuiona pakamwa ndi madzi akuchoka m'thupi. Yang'anani mkodzo: ukakhala wachikasu kwambiri, mukumwa madzi ochepa.

Pali amene amati tot imodzi ya kachasu imafunditsa, ndi amene amathamanga Lamlungu m'mawa "kuchotsa matsire". Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, mumamva kufunda pamene kutentha kukuthawa m'thupi. Ndipo mowa sutuluka ndi thukuta, umaphwanyidwa ndi chiwindi pa nthawi yake. Wa matsire ali kale ndi madzi ochepa m'thupi. Amwe madzi, agone, adzathamange Lolemba.

Amati kuthamanga kumatha maondo. N'zoona?

Kwa munthu wa maondo abwinobwino amene akuwonjezera mtunda pang'onopang'ono, ayi. Anthu othamanga mongolimbitsa thupi sadwala nyamakazi ya m'maondo kuposa ongokhala. Chimene chimavutitsa maondo ndi kulemera kwa thupi, kuvulala kwakale monga kwa kumpira, ndi phuma lowonjezera mtunda.

Muzisiyanitsa zowawa. Kuphwanya kwa ntchafu zonse ziwiri kumene kumabwera tsiku lotsatira, n'kukula tsiku lachiwiri mpaka kukhala pansi kumavuta, n'kwachibadwa ndipo kumatha kokha. Koma ululu wa malo amodzi oti mungaloze ndi chala, wokulirakulira mukamathamanga, wotupitsa kapena wokutsimphinitsani, umenewo ndi woti muime. Mukapuma masiku angapo osasintha, kaonaneni ndi achipatala. Kumeza mapiritsi opha ululu kuti mupitirize kuthamanga ndi kudzinamiza.

Ine cholinga changa n'kuchotsa mimbayi. Zitenga nthawi yaitali bwanji?

Yaitali kuposa mmene mukufunira. Munthu wolemera makilogalamu 70 akathamanga makilomita 5 amawotcha makalori pafupifupi 350. Mbale imodzi ya chipisi cha pachiwaya ndi botolo la zoziziritsa kukhosi zimabweza zonsezo n'kupitirira. Choncho kuthamanga kokha, mbale osaikhudza, mimba imatsika mochedwa kwambiri. Chepetsani mitanda ya nsima, masupuni a shuga mu tiyi ndi mowa, ndiwo zamasamba zichuluke. Masewera ogona chagada n'kumadzuka amalimbitsa minofu ya pamimba koma sasankha mafuta a pamenepo. Thupi limachotsa mafuta ponseponse mwa dongosolo lake.

Ngakhale sikelo isasunthe, phindu lilipo: tulo tabwino, kukwera chitunda cha kutchalitchi osapuma kawiri, BP kutsikako. Ndipo konzekani kumva mawu. Kwathu kuno munthu akayamba kuchepa thupi, achibale amayamba kunong'onezana kuti akudwala kapena zinthu sizikuyenda. Auzeni nokha zisanafike patali.

Ndili ndi BP, shuga, kapena ndimamwa ma ARV. Ndingathamange?

Ambiri angathe, ndipo kwa a BP ndi shuga masewera ndi mbali ya chithandizo chimene achipatala amalangiza. Koma yambani mwakayezetsa ndi kuwauza achipatala zimene mukufuna kuchita, makamaka ngati mwapitirira zaka 40, munadwalapo mtima, kapena BP yanu sinakhazikike. Mankhwala musasiye chifukwa choti mwayamba kuthamanga. Wa shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga asatuluke ndi njala, atenge maswiti m'thumba, ndipo aziyang'ana mapazi ake akabwerako. Womwa ma ARV amene akupeza bwino alibe choletsa.

Kwa aliyense: kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kukomoka, mtima kugunda mosalongosoka, imani pomwepo mupite kuchipatala. Thupi likatentha, kaya ndi malungo kaya chimfine chachikulu, musathamange. Malungo sachoka ndi thukuta. Malizani mankhwala a LA, mphamvu zibwerere, ndiye muyambirenso ndi kuyenda.

Nanga amayi? Ena amati kuthamanga kumawononga chiberekero.

Bodza limenelo lalepheretsa atsikana ambiri. Kuthamanga kolimbitsa thupi sikugwetsa chiberekero ndipo sikuletsa kubereka. Nthawi ya kumwezi mayi angathe kuthamanga ngati akumva bwino. Woyembekezera afunse kaye kusikelo. Chofunika kuyang'anira ndi kuchepa kwa magazi: mayi amene akutopa msanga modabwitsa, kapena amene msambo wasiya atayamba masewera amphamvu, akayezetse.

Dziko lino lili nawo amayi oti n'kuwaloza. Catherine Chikwakwa anatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto, Italy, mu 2004, ndipo Tereza Master anathamanga marathoni pa Olimpiki ya ku Rio de Janeiro mu 2016. Vuto lenileni la mayi wa ku Ntcheu si chiberekero, ndi pakamwa pa anthu: malikhweru a anyamata pa siteji ndi mafunso oti ana wasiyira ndani. Gulu limathetsa zambiri mwa izi. Amayi anayi a kwaya imodzi kapena a banki m'khonde akamazungulira bwalo limodzi, oseka amatopa sabata yoyamba. Chitenje pamwamba pa thirakisuti sichiletsa kuthamanga.

Ndikazolowera, ndingapikisane kuti?

Mu mzinda wa Lilongwe mumachitika Be More Race ya Standard Bank, yomwe imakhala ndi mitunda ya makilomita 5, 10 ndi 21, ndipo ya makilomita 5 ndi yoti munthu wa miyezi itatu angathe kuimaliza. Porters Race ya ku Mulanje, imene inayamba ngati mpikisano wa onyamula katundu wa alendo paphiri ndipo pano ndi ya aliyense, ndi yopitirira makilomita 20 m'miyala ndi m'zitunda zoopsa. Imeneyo ipatseni chaka chathunthu chokonzekera. Marathoni, makilomita 42.195, isakhale m'maganizo chaka choyamba.

Koma simukusowa kudikira basi ya ku Lilongwe. Pezani anzanu awiri, mugwirizane mtunda, mwachitsanzo kuzungulira bwalo la sukulu kakhumi, mulembe tsiku pakalendala kumapeto kwa Ogasiti. Usiku uliwonse wa tsiku lothamanga ikani nsapato, masokosi ndi chipewa pafupi ndi chitseko, ndipo muwauze anzanuwo kuti akapanda kukupezani pamphambano 6 koloko, abwere adzagogode.